Wotchi yofuna chaji tsiku lililonse si ya ku Mchinji

Anzanga a pa koleji, tisanamizane: smartwatch mukuwolokera pa Mwami kukasaka ku Chipata ija ndi yodzionetsera basi. Apple Watch imafuna chaji tsiku ndi tsiku, imafunanso iPhone, pomwe inu muli ndi Tecno. Pa holide kwa Mkanda, kumene kutchajitsa nkolipira, muzilipira kawiri kuti muone WhatsApp pamkono foni ili m'thumba?

Ine ndikuti ndalama ya loniyo gulirani kawotchi ka fitness kotchipa, monga Xiaomi Band. Kamatha pafupifupi masabata awiri osatchaja, kamayeza kugunda kwa mtima ndi tulo timatisowa nthawi ya mayeso tija. Za masitepe 10,000 zisakuvuteni. Nambalayo inachokera ku malonda a ku Japan mu 1965, ndipo mayi anu amaipitirira polima mtedza.