ZA PABANJA: Nkhokwe ya m'Kompyuta Ikakalamba

Mwezi uno tikambirane za nkhokwe yachilendo imene yalowa m'nyumba zina kuno ku Ntaja. Ana athu, aphunzitsi ndi ophunzira, abwera ndi makompyuta, ambiri ogula kwa anthu amene anawagwiritsa kale ntchito. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa SSD, ndipo umo ndimo mukhala zithunzi za maukwati, makalata a sukulu ndi mawerengero a banki m'khonde. Nanga nkhokwe imeneyi tiisinthe liti?

Dziwani kuti zosungira zakale zinali ndi mbale yozungulira, imene kawirikawiri inkalira ikayamba kufa. SSD ilibe mbale, ikufa mwakachetechete. Isunga zonse m'tizipinda tating'onoting'ono ta magetsi, ndipo kachipinda kalikonse kamatha mphamvu kakafufutidwa ndi kulembedwanso kambiri: mwa zambiri za masiku ano, ka 1,000 kufikira ka 3,000. Chifukwa chake opanga amatchula muyeso wake. Samsung 860 EVO ya 500 GB, imene inatuluka mu 2018, anailonjeza zaka 5, kapena zolemba zokwana 300 TB. Wolemba makalata chabe sangaufike msanga muyeso wotere, koma wothira ndi kufufuta mafilimu tsiku ndi tsiku aitopetsa. Tsono inu ogula yakale, mudziwa bwanji mmene mwini woyamba anailemetsera? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taonani malangizo atatu.

Choyamba, ifunseni yokha. Pali pulogalamu yaulere, CrystalDiskInfo, imene ionetsa moyo wotsala wa SSD. Muziyang'ana miyezi itatu iliyonse. Ikachenjeza, kapena moyo ukatsika kufika pa 10 mwa 100, yambani kufuna ina.

Chachiwiri, penyani zizindikiro. Zithunzi zikayamba kukana kutseguka, kompyuta ikamauma pafupipafupi, ikamakana kusunga zatsopano, kapena ikalephera kuiona SSD poyatsa, musayembekeze malipiro a mwezi. Koperani zonse lero lomwe.

Chachitatu, zaka zokha si mlandu. Ndalama n'zosowa, ndipo imene ili bwino musaitaye. Koma chilichonse chamtengo wapatali chikhale m'malo awiri. Musaike SSD yotopa m'sutikesi poyesa kuti mwasunga, pakuti muyeso wa opanga ungolonjeza chaka chimodzi chopanda magetsi pa kutentha kwa madigiri 30, ndipo dzuwa lathu la Okutobala mulidziwa nokha.

Atate ndi amayi, musanene kuti izi n'za ana. Afunseni madzulo ano ngati zithunzi za agogo zili m'malo awiri. SSD ikafa, ngakhale mmisiri wa ku Liwonde kapena ku Balaka kawirikawiri sangabweze kanthu. Madzi akatayika saoleka. Mlimi wanzeru amaluka nkhokwe yatsopano yakale isanagwe ndi chimanga.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wamawa.