Zilumba za Mitengo Sizisunga Nyama

M'dziko la Australia, kwawo kwa mtengo wa bulugamu, kumpoto kwa chigawo cha Queensland, muli kanyama kotchedwa mahogany glider. Kamafanana ndi changa, koma kamalerera ana ake m'thumba la pamimba. Masana kamagona m'mphako za mitengo yakale. Usiku kamatambasula chikopa cha m'nthiti mwake, n'kuyandama m'malere kuchoka pa mtengo wina kukatera pa unzake, mtunda wofika mamita 60.

Pa dziko lonse lapansi, kanyamaka kamapezeka m'kadera ka makilomita pafupifupi 120 okha, kuyambira kufupi ndi tauni ya Ingham kulekezera ku Tully. Akatswiri anakalemba m'mabuku mu 1883, koma kanazimirira mpaka pamene kanapezekanso mu 1989.

Nkhalango yake yambiri inadulidwa kuti pakhale minda ya nzimbe, ya paini ndi modyetsera ng'ombe. Amene amaganiza kuti kusiya timitengo apa ndi apo n'kokwanira akudzinamiza. Kwa nyama yosazoloŵera kuyenda pansi, nkhalango yoduladula ndi ndende. Mpata ukakula, kanyamaka sikaoloka; kakayesa, kamakodwa pa waya waminga. Namondwe Yasi atasakaza nkhalangozi mu 2011, kanalibe kwina kothaŵira.

Nzimbe zimakhwima m'chaka chimodzi, pamene mphako imadikira mtengo ukalambe. Choncho mitengo yotsalayo isadulidwenso, ndipo mizere ya mitengo yolumikiza nkhalango ibzalidwe msanga. Paja madzi akatayika saoleka.