Njinga Yamoto pa Lole ya ku Lungwena

Njinga yamoto ikagulidwa ku Mangochi Boma, nthawi zambiri imakwezedwa pa lole kapena pa matola, n'kudutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi pa Malindi mpaka ku Lungwena. Ambiri amangoigoneka pa matumba a chimanga n'kuikulunga ndi mphira za chubu. Kumeneku n'kulakwa. Njinga yogona imataya petulo, ndipo ndudu imodzi ya munthu wokhala kumbuyo ikhoza kuyatsa galimoto yonse. Mphira imatamuka, ndiye pa mabampu a msewu wa ku Makanjira njingayo imadumpha n'kuthyola mwendo wa munthu. M'malo mwake, iimikeni chilili, tayala lakutsogolo litagunda kumutu kwa bodi. Ikani giya yoyamba, tsekani kampopi ka petulo, ndipo mangani ndi zingwe zinayi zosatamuka. Ziwiri zakutsogolo zikokere pansi mpaka mashoko atsike pang'ono.

Madalaivala amati kumanga chonchi kumadya nthawi ndi malo a pasenjala. Nthawi imapitadi, koma njinga yoimirira imatenga malo ochepa kuposa yogona, ndipo zingwe za nayiloni asodzi a ku Lungwena ali nazo kale. Mukafika pa Malindi, imani muzikokenso, chifukwa zimayamba kukhwepa galimoto ikangoyenda makilomita ochepa.