Kodi Strauss ankalira ndani? Mkangano wa Metamorphosen wasochera

Oimba akalengeza kuti aimba Metamorphosen pa mwambo wokumbukira nkhondo, sipalephera kupezeka wina wokwinya nkhope n'kunena kuti imeneyo ndi nyimbo ya munthu wa Hitler. Ine ndatopa nawo mkanganowu. Funso lake ndi labwino, koma oufunsa ambiri amagamula mlandu nyimboyo asanaimve. Ndinene poyambirira: Metamorphosen ndi maliro enieni, ndipo iyenera kuimbidwa. Mwini wake, Richard Strauss, sanali ngwazi, komanso sanali chilombo chimene ena amafuna kutijambulira.

Strauss anayamba kuilemba mwadongosolo pa 13 Malichi 1945 n'kumaliza pa 12 Epulo, ali nkhalamba ya zaka 80 kwawo ku Garmisch. Dzulo lake la tsiku loyambalo mabomba anali atatentha nyumba yaikulu ya opera ku Vienna. Mwezi wa Febuluwale inapsa ya ku Dresden, kumene maopera ake Salome, Elektra ndi Der Rosenkavalier anaonetsedwa koyamba. Ya ku Munich, mzinda umene anabadwiramo, inali itagwa kale mu Okutobala 1943, ndipo m'menemo ndi mmene bambo ake, Franz Strauss, ankaliza lipenga zaka makumimakumi. Munthu amene moyo wake wonse unali m'nyumba zitatuzi anaona zonse zikusanduka phulusa asanafe.

Anailembera oimba 23 a zoimbira za nsambo: mavayolini 10, maviola 5, machelo 5 ndi mabesi 3. Mwachizolowezi, oimba vayolini khumi amaimba mzere umodzi ngati munthu mmodzi. Muno ayi. Aliyense ali ndi mzere wakewake, moti mumamva mawu akulowana, akusiyana, wina akutola pamene mnzake wasiyira, kwa mphindi pafupifupi 25 popanda kupumira. Pali kanyimbo kena ka mawu obwerezabwereza kenako n'kutsika, kamene kamangobwerabwera. Pakati nyimboyo imawala, imathamanga, mpaka munthu n'kuganiza kuti chisoni chatha. Kenako imagwa. Kumapeto machelo ndi mabesi amatulutsa poyera chimene chinkabisala chiyambire: nyimbo ya maliro ya mu Eroica ya Beethoven. Pansi pake Strauss analemba mawu awiri a Chilatini okumbukira wakufa, osatchula dzina.

Dzina losatchulidwalo ndilo linabala mkangano. Nyimboyo itaimbidwa koyamba ku Zürich pa 25 Januwale 1946, motsogozedwa ndi Paul Sacher amene anaiitanitsa, sipanapite nthawi. Mu 1947 Matthijs Vermeulen, wopeka nyimbo wa ku Netherlands, analemba m'nyuzipepala kuti wakufayo ndi Hitler. Maganizo ake anali oti Eroica inkakhudza Napoleon, choncho Strauss akulira wolamulira wankhanza wa nthawi yake. Nzeru yake ndi imeneyo basi. Anaiwala kuti Beethoven anafufuta dzina la Napoleon mokwiya atamva kuti wadziveka ufumu. Anaiwalanso kuti pa 12 Epulo Hitler anali adakali moyo. Vermeulen ndimamumvetsa, dziko lake linali litangotuluka m'manja mwa Ajeremani, njala itapha anthu. Amene akubwereza mawu ake lero, patapita zaka zoposa 70, alibe chowiringula chotero.

Mlandu weniweni wa Strauss ulipo, ndipo omuteteza asamaubise. Mu 1933 anavomera kukhala pulezidenti wa Reichsmusikkammer, bungwe la nyimbo la boma la Nazi. Chaka chomwecho anaimirira pamalo pa Bruno Walter, Myuda amene analetsedwa kutsogolera oimba ku Berlin, ndiponso pamalo pa Arturo Toscanini amene anakana kupita ku Bayreuth. Analemba nyimbo ya masewera a Olimpiki a 1936. Izi n'zamanyazi.

Koma werengani tsamba lotsatira. Mu 1935 apolisi a Gestapo anagwira kalata yake yopita kwa Stefan Zweig, mlembi wachiyuda amene ankagwira naye ntchito, momwe ankanyoza mfundo za chipanicho. Anamuchotsa paudindo, ndipo opera yawo, Die schweigsame Frau, inaletsedwa itangoonetsedwa kangapo. Mpongozi wake Alice anali Myuda, kutanthauza kuti adzukulu ake awiri anali pangozi tsiku lililonse. Achibale ambiri a Alice anafera m'misasa. Nkhalambayo inafika mpaka pachipata cha msasa wa Theresienstadt kukapempha kuti agogo ake a Alice amasulidwe, alonda n'kuibweza. Munthu wotere, akakhala pansi mu 1945 kulemba maliro, mukuti akulira Hitler?

Otsutsa anzeru, amene ndi ochepa, amanena zina zolemera: kuti Strauss analira nyumba za zisudzo osati anthu, kuti chisoni chake chinayamba pokhapokha moto utafika pakhomo pake. Apa pali choonadi. Zolemba zake za nthawiyo zimadandaula kwambiri za Goethe, Weimar, Dresden ndi chikhalidwe cha Germany. Komatu aliyense wokhalapo pa maliro amadziwa kuti m'nyumba ya siwa ambiri amalira akufa awo, wina amayi ake amene anamwalira kalekale, wina mwana wake, ndipo palibe amene amawatulutsa n'kuwauza kuti misozi yawo ndi yabodza. Strauss analira chimene ankachidziwa. Nyimboyo ilibe mawu, sikakamiza womvera kulira Munich. Ndiponso mulibe ng'oma ya asilikali, mulibe lipenga la chigonjetso, mulibe kudziyeretsa. Kutenga Beethoven, chonyadira cha Ajeremani, n'kumuika m'manda mu 1945, ndi kuvomera kuti chikhalidwe chimene ankachitama chija sichinaletse chilichonse.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti otsutsawa amakhulupirira mutu wa nyimbo kuposa nyimboyo. Krzysztof Penderecki analemba nyimbo ya oimba 52 a nsambo n'kuitcha 8'37", kutalika kwake chabe. Dzina lokumbukira anthu a ku Hiroshima linabwera pambuyo. Dmitri Shostakovich analemba kwateti yake ya nambala 8 mu 1960 pafupi ndi Dresden, ndipo Rudolf Barshai anaikulitsa kuti iziimbidwa ndi gulu lonse la nsambo. Pachikuto inaperekedwa kwa ophedwa ndi ufasisti ndi nkhondo, koma m'kalata kwa mnzake Isaak Glikman iye anaulula kuti ankadzilembera yekha chikumbutso. Zonsezi ndi nyimbo zazikulu, ndipo palibe amene amaziimba mlandu. Strauss akanangolemba mzere umodzi wokoma pamwamba pa pepala, bwenzi ambiri mwa omunyozawa akupukuta misozi.

Amene akufunadi chilungamo kwa ophedwa ali ndi ntchito yabwino kuposa kuletsa Strauss. Pavel Haas, wophunzira wa Leoš Janáček, analemba Study for String Orchestra ali mkaidi mu Theresienstadt momwemo mu 1943. Akaidi anzake anaiimba motsogozedwa ndi Karel Ančerl, ndipo a Nazi anajambula kuimbako n'kukuika mu filimu yawo yonamiza dziko kuti Ayuda akukhala bwino. Mu Okutobala 1944 onse awiri anatumizidwa ku Auschwitz. Haas anaphedwa, Ančerl anapulumuka n'kudzapeza mapepala a oimba nkhondo itatha. Nyimbo ya Haas ndi yaifupi, yothamanga, yamphamvu, ndipo oimba omwe aja amene abwera kudzaimba Metamorphosen angathe kuiimba usiku womwewo. Komabe imamveka mwa apo ndi apo. Olemba madandaulo kwa okonza makonsati aziyamba n'kufunsa chifukwa chake Haas mulibe pa pulogalamu.