Woyamba kuluka ayambe ndi chipewa cha galaduweshoni

Amene akufuna kuphunzira kuluka ndi koloshe nthawi zambiri amauzidwa kuti ayambe ndi doilo lozungulira. Langizo limeneli lagwetsa ulesi anthu ambiri, chifukwa doilo lozungulira limafuna kuwonjezera masitichi pa mzere uliwonse, ndipo ukangophonya pang'ono limapindika m'mphepete. Poyambira pabwino ndi kalukidwe ka filet, ndipo chithunzi choyenera kuyamba nacho ndi chipewa cha galaduweshoni chokhala ndi chaka pansi pake.

Kalukidweka kanafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 potsanzira lesi wa filet, amene ankasokedwa ndi singano pa ukonde. Masitichi ake ndi awiri okha: tcheni, ndi sitichi yaitali imene mabuku a ku America amaitcha double crochet pomwe a ku Britain amati treble. Nsalu yonse imakhala timabokosi. Kabokosi kopanda kanthu ndi sitichi yaitali imodzi ndi matcheni awiri, kodzaza ndi masitichi aatali atatu. Chithunzi chimaoneka pamene todzaza taunjikana pakati pa topanda kanthu. Motero pateni safunika kugula ayi: munthu amatenga kope la masamu la timabokosi lija, n'kudetsa ndi pensulo pomwe pakhale chipewa ndi chingwe chake cholendewera. Nambala iliyonse ikatenga timabokosi 5 m'mbali ndi 7 kukwera, chaka chonse pamodzi ndi mipata yake chimakwana pa timabokosi 25, ndipo mzere wotere uli ndi masitichi 76, kutanthauza 25 kuchulukitsa katatu n'kuwonjezera imodzi. Cholakwika sichibisala, chifukwa mzere uliwonse umayerekezedwa ndi wa papepala usanaupitirire.

Ena amati zimenezi ndi za agogo, zoyala pa mipando ya pabalaza, ndipo wachinyamata wotuluka mu Great Hall ku Zomba atavala gauni amayembekezera envelopu, osati ulusi. Envelopuyo apatsidwe ndithu, ali ndi lendi yoti alipire. Koma ndalamayo imatha sabata isanathe, keke imadyedwa tsiku lomwelo, gauni nayo yobwereka imabwezedwa. Kansalu kolembedwa chaka ndi zilembo zoyamba za dzina lake, kataumitsidwa ndi sitachi n'kuikidwa mu fulemu pa nsalu yakuda, sikangagulidwe m'sitolo iliyonse, ndipo kamakhala pakhoma pafupi ndi satifiketi.

Dandaulo lomveka kwambiri ndi la ulusi. Mapateni ambiri amatchula ulusi wa thonje wa nambala 10 ndi koloshe yachitsulo ya mamilimita 1.5 kapena kupitirirako pang'ono, zinthu zomwe zimatopetsa maso ndi zala za munthu wosazolowera. Palibe lamulo pamenepo. Ulusi wokhuthala ndi koloshe yaikulu zimatulutsa chithunzi chomwecho, kungoti chimakula, n'kusanduka chovala cha khushoni. Choti woyamba avomereze n'chakuti m'mbali mopendekeka mwa chipewa mumatuluka ngati masitepe. Timabokosi sitikhota, ndipo chithunzi cha filet chimaoneka bwino munthu akaima patali pang'ono.

Magulu a amayi a kumpingo ndi aphunzitsi a ntchito zamanja asiye kuyambitsa ophunzira awo pa doilo lozungulira. Awapatse kope, pensulo ndi chaka chimene mwana wa pakhomo pawo amalize sukulu.