Kompyuta ikadandaula poyaka, imvereni kaye

M'mawa wina ndili ndi ophunzira athu pachipatala china chaching'ono komwe amakazolowera ntchito, ndidaona kalaliki akuyatsa kompyuta yolembera odwala. Pasikirini yakuda padabwera mizere iwiri ya Chingerezi. Iye sadaiwerenge n'komwe. Adangodina batani la F1 ngati akuingitsa ntchentche, makinawo n'kupitiriza kuyaka. Nditamufunsa adati, "Imatero tsiku lililonse, adokotala, koma imagwira bwinobwino."

Mizere ija inkanena kuti wotchi ya kompyutayo yaiwala tsiku ndi nthawi. M'kati mwa kompyuta mumakhala kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, kotchedwa CR2032, kangati kamene timaika m'makina ena oyezera shuga. Ntchito yake ndi kusunga nthawi makina akazimitsidwa. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ili m'chaka chakalekale. Masiku ena intaneti inkakonza yokha detiyo, koma sabata imeneyo netiweki kudalibe. Ndiye taganizani: mayi wabwera kudzatenga ma ARV, makina n'kumuwerengera tsiku lobweranso kuchokera pa deti yabodza. Masana onse tidathera kufananiza zapakompyuta ndi kaundula wapapepala, chifukwa cha kabatire kotchipa.

Kuyambira tsiku limenelo ndimanena kuti aliyense woyatsa kompyuta, kaya ndi volontiya wapachipatala kaya kholo kunyumba, aziphunzitsidwa kuwerenga zimene makina amalemba poyaka. Sindikuti akhale katswiri, ayi. Angodziwa kuti mawu amenewo ndi odwala akufotokoza pamene pakupweteka.

Kompyuta ikamayaka imayamba yadziyeza ngati ziwalo zake zonse zilipo. Kenako imadzutsa timapulogalamu tambiri motsatizana: kotsegula hard disk, kolumikiza netiweki, kotsegula nkhokwe ya mayina a odwala, ndi tina totero. Pamakina a Linux mizere imathamanga pasikirini, kapulogalamu koyaka bwino kakulembedwa OK wobiriwira, kokanika kakulembedwa FAILED wofiira. Ambiri amagwira mzere wofiira womaliza chifukwa ndi umene watsala m'maso. Koma timapulogalamuti timadalirana. Hard disk ikapanda kutseguka, nkhokwe ija siyaka, ndipo pulogalamu yolembera odwala nayo imagwa. Mizere yofiira ikhoza kukhala isanu pamene vuto ndi limodzi, loyamba lija. N'chimodzimodzi mwana wobwera maso atalowa, ali wofooka, sakuyamwa. Timafunsa mayi ake kuti chidayamba n'chiyani, ndipo akati kutsekula m'mimba, zina zonse zimamveka.

China chimene chimaononga makina ndi phuma. Mukaona mzere wakuti "A start job is running" ndi manambala akuwerenga mpaka mphindi imodzi ndi masekondi 30, kompyuta sidafe. Ikudikira chipangizo china chimene sichikuyankha. Magetsi akazima mwadzidzidzi, poyakanso makina amathanso kutenga nthawi akufufuza ngati mafayilo adaonongeka. Kuzula chingwe pakhoma panthawi imeneyo kuli ngati kudzutsa wodwala ali m'kati mosokedwa bala. Ndipo mawu akuti "No bootable device", omwe amaopsa anthu kwambiri, nthawi zina amabwera chabe chifukwa wina adaiwala fulashi pamakina. Kuichotsa n'kuyatsanso, basi.

Anzanga ena amanditsutsa. Amati mauthengawa ali m'Chingerezi chovuta, ndipo mukalimbikitsa mavolontiya kuwawerenga ayamba kugwiragwira zinthu zosazidziwa. Pamenepo ndikuwamva. Kompyuta ikaima n'kulemba "emergency mode", kukupatsani malo oti mulembepo malamulo, musalembepo kanthu, ngakhale mwaonera pa YouTube. Imeneyo ndi jakisoni, ili ndi eni ake. Chimene ndikupempha n'chochepa: jambulani sikirini ndi foni mawu onse akuoneka bwino, makamaka mzere wofiira woyamba, lembani nthawi ndi chimene chidachitika lisanayambe vuto, kaya magetsi adazima kaya makina adasunthidwa, ndipo tumizani kwa amene amakonza makompyuta. Podikira yankho, bwererani ku kaundula wapapepala, odwala asakhale pamzere. Wokonza akalandira chithunzi amadziwa choti anyamule. Akangomva kuti "kompyuta yafa", amabwera chimanjamanja, ulendo n'kukhala uwiri.

Amene amabweretsa makina m'zipatala nawonso atithandize. Asamangosiya nambala ya foni. Pepala limodzi la Chichewa lomatidwa pakhoma, lomasulira mauthenga obwera kawirikawiri, lingachepetse mavuto ambiri.

Inunso makolo, laputopu ya mwana wasukulu ikalemba zachilendo poyaka, musafulumire kuvomera wokonza wa kumsika akati aifufute yonse n'kuikamo zatsopano. Muonetseni chithunzi cha uthengawo, mumufunse tanthauzo lake, ndipo asanagwire chilichonse ayambe wakopera manotsi a mwanayo pa fulashi.