Mowa wa dzulo sunathe: phunziro lochokera kwa oyendetsa ndege zopanda injini



Lero tikambirane za matsire. Ambiri timakhulupirira kuti munthu akagona n'kudzuka ndiye kuti mowa watha, atha kukwera njinga n'kuyamba ntchito. Ine ndikutsutsa zimenezi. Munthu amene wagona atamwa kwambiri sayenera kunyamula anthu m'mawa mwake, kaya ndi pa kabaza, m'minibasi kapena m'bwato. Kuti timvetsetse chifukwa chake, tiyambire kutali pang'ono, kwa anthu amene amachita mpikisano woulutsa ndege zopanda injini.

Ndege zotere ziliko, ndipo pachingerezi amazitchula kuti glider. Mapiko ake ndi aatali, mamita 15, 18 kapena kuposa apo, ndipo imakwana munthu mmodzi kapena awiri. Ponyamuka imakokedwa ndi ndege ina kapena ndi chingwe chachitali chokulungidwa ndi makina. Ikafika m'mwamba chingwe chija chimamasulidwa, basi zonse zatsala m'manja mwa woyendetsa. Munaonapo mphamba kapena miimba ikuzungulira m'mwamba masana osakupiza mapiko? Dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha umakwera, ndipo mbalame zija zimakwera nawo. Woyendetsa glider amachita chimodzimodzi. Amafunafuna pamene mpweya ukukwera, amazungulira pamenepo mpaka atakwera ndithu, kenako amaseseleka kupita kutsogolo kukafuna pena.

Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitika mu 1937 pa phiri la Wasserkuppe ku Germany, ndipo mu 2001 unachitikira kuno ku Africa, ku Mafikeng m'dziko la South Africa. Mpikisano wotere umatenga pafupifupi milungu iwiri. Tsiku lililonse nyengo ikalola, amapatsidwa ulendo wa makilomita mazanamazana, ndipo munthu amakhala m'kachipinda kopanikiza, dzuwa likumuwomba, kwa maola atatu, anayi ngakhale asanu. Nthawi zina ndege zambiri zimazungulira pamalo amodzi moyandikana, ndiye maso ayenera kukhala tcheru kuti zisagundane. Potera napo mwayi ndi umodzi wokha. Ndege ya injini ikalakwitsa imakweranso n'kuyesanso, koma glider ikatsika yatsika.

Nanga mowa ukubwera pati? Oyendetsa ndegewa ndi anthu ngati ife. Madzulo akatera amakhala pamodzi n'kumacheza za ulendo wa tsikulo, ndipo monga zimakhalira m'masewera ambiri, mowa susowa. Palibe wanzeru amene angamwe ali m'mwamba. Funso lenileni ndi lakuti: zimene wamwa usiku zimuchita chiyani mawa masana?

Malamulo a zandege anayankha kale funso limeneli. Ku America munthu saloledwa kuulutsa ndege iliyonse, ngakhale yopanda injini, pasanathe maola 8 chimwereni mowa. Bungwe loyang'anira zandege kumeneko, la FAA, limalangiza kuti ndi bwino kudikira maola 24. Ku Britain mlingo wololedwa kwa woyendetsa ndege ndi mamiligalamu 20 a mowa m'mamililita 100 a magazi, pamene woyendetsa galimoto ku England amaloledwa mpaka 80. Munthu wopitirira 20 nthawi zambiri saoneka n'komwe kuti wamwa. Samadzandira, salankhula zobalalika, koma lamulo limati asakwere.

Palinso kafukufuku amene anatuluka mu 1986 ku America, wochitidwa ndi Jerome Yesavage ndi Von Leirer. Iwo anatenga asilikali khumi oyendetsa ndege za nkhondo zapanyanja, n'kuwamwetsa mowa mpaka kuledzera. Patatha maola 14 anawayesa pa makina ophunzirira kuulutsa ndege. Maola 14 ndi nthawi yoti mowa umakhala utachoka kale m'magazi, komabe anthuwa anayendetsa molakwitsa kusiyana ndi tsiku limene sanamwe. Amenewa anali akatswiri a ntchito yawo. Mowa unatuluka, koma mutu unali usanabwerere m'malo mwake.

Tiyeni tione chimene chimachitika m'thupi.

Mowa umachotsedwa ndi chiwindi, ndipo chiwindi sichithamanga. Botolo limodzi la mowa wamba la 330ml limachitengera pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena kuposa. Bambo amene wayamba kumwa 8 koloko usiku n'kumwa mabotolo 8, chiwindi chake chimaliza ntchito cha m'ma 9 koloko m'mawa. Ngati akunyamuka 5 koloko kukanyamula amayi opita kumsika, ndiye kuti akuyendetsa mowa ukadali m'magazi. Kachasu ndiye woopsa koposa, chifukwa alibe chizindikiro chosonyeza mphamvu yake. Wa lero akhoza kukhala waukali kuposa wa dzulo, ngakhale wophika ali yemweyo.

Mowa umakodzetsa kwambiri, motero munthu amadzuka madzi atachepa m'thupi. Ndicho chifukwa cha ludzu, mutu ndi kufooka kwa m'mawa kuja. Woyendetsa glider amaopa zimenezi chifukwa akukakhala padzuwa maola ambiri. Nanga wa kabaza mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima, dzuwa lake ndi lochepa?

Mowa umaononganso tulo. Munthu amagona msanga, inde, koma chakum'bandakucha tulo take timadukizadukiza, ndipo ubongo supuma bwino. Amadzuka ngati wagona maola awiri okha.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa: mkati mwa khutu muli timadzi timene timathandiza munthu kuima bwino osagwa. Mowa umalowa mmenemo n'kusokoneza, ndipo chizungulire chake chimatha kupitirira mowa utachepa kale m'magazi. Woyendetsa ndege amene akuzungulira m'mwamba amadalira khutu limeneli. Wa njinga yamoto pokhota amadaliranso lomweli.

Mwina wina anena kuti, "A nesi, kabaza si ndege." Zoona. Koma taganizani izi. Njinga yamoto yothamanga makilomita 40 pa ola imayenda mamita 11 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akachedwa sekondi imodzi yokha kuona mbuzi, dzenje kapena mwana wasukulu akuwoloka, wapitirira kale ndi mamita 11 asanagwire buleki. Ndipo woyendetsa glider pa mpikisano amavala parachuti, amamangidwa malamba, ndege yake imayenderedwa m'mawa uliwonse, ndiponso nthawi zambiri amakhala yekha. Mayi wopita kusikelo amakwera kabaza mwana ali kumbuyo, chipewa choteteza mutu palibe. Ngati munthu wotetezedwa chotere amauzidwa kuti adikire, kuli bwanji wonyamula mayi woyembekezera pa msewu wa fumbi?

Wina anena kuti, "Ine ndinazolowera, mowa sundigwira." Kuzolowera kumabisa kuledzera pamaso pa anthu, koma mlingo wa mowa m'magazi umakhalabe wokwera. Choipa kwambiri n'chakuti mowa umayamba kuononga mbali ya ubongo imene imatiuza kuti sitili bwino. Ndiye munthu amene akunena molimba mtima kuti ali bwinobwino si mboni yodalirika pa nkhani yake yomwe. N'chifukwa chake a zandege samufunsa munthu mmene akumvera. Amawerenga maola.

Winanso anena kuti kusamba madzi ozizira, kumwa khofi kapena tiyi wowirira, kapena kudya kanyenya wa tsabola kumachotsa mowa. Zimenezi zimangomutsegula maso, koma chiwindi chimapitiriza pa liwiro lake lomwe lija. Kumwa kena m'mawa poti "tichotse matsire" ndiye kuyambiranso kuledzera. Madzi, phala, thobwa losasasa ndi kupuma zimathandiza thupi kubwerera, komabe mankhwala enieni ndi nthawi basi.

Dandaulo limene ndimalimvetsa kwambiri ndi la ndalama. Wa kabaza akapanda kutuluka tsiku limodzi, ndiwo kulibe, ndipo mwini njinga akufuna yake madzulo. Sindikunena kuti banja ligone ndi njala. Ndikunena kuti chisankho chichitike usiku, botolo lisanatsegulidwe. Ngati mawa ndi tsiku la ntchito, lero si tsiku la mowa wambiri. Woyendetsa glider wofuna kupambana amadziwa kuti mpikisano wa mawa umayamba madzulo ano. Ndalama ya tsiku limodzi singafanane ndi mwendo wothyoka, miyezi itatu ali gone, njinga ili ku polisi, ndi banja la eni likulira maliro.

Tsono tichite chiyani?

Amayi, muli ndi ufulu wokana. Musanakwere, yandikirani n'kulankhula naye wa kabazayo. Akamanunkha mowa, maso ali psu, manja akunjenjemera, musiyeni mudikire wina, ngakhale akhale mwana wa achemwali anu. Manyazi a mphindi imodzi sapha. Ngati ndinu woyembekezera, konzeranitu woyendetsa wodalirika tsiku lisanafike, kapena pitani msanga kuchidikiro, kuti matenda akayamba usiku musakatenge munthu ku bawa.

Ngati amuna anu kapena mwana wanu ndiye woyendetsa, nkhaniyi muikambe masana ali bwinobwino, osati usiku atangobwera komwa. Gwirizanani lamulo la pakhomo: wamwa kwambiri usiku, m'mawa kiyi sagwira. Akavuta, itanani ankhoswe kapena amalume. Ngati nkhani ya mowa imabweretsa nkhanza pakhomo, musalimbane nokha. Kaoneni a Victim Support Unit ku polisi kapena mufike kuchipatala.

Atsogoleri a masiteji a kabaza, inu mumadziwa amene wagona ku mowa. Mum'chotse pamzere mpaka masana. Ngozi ya mmodzi imathawitsa makasitomala a nonse. Eni mabwato kunyanja, chimodzimodzi.

Nafenso amayi nkhaniyi ikutikhudza. Mowa umalowa mu mkaka wa m'mawere, ndipo mayi kapena bambo amene wamwa sayenera kugona pamphasa imodzi ndi khanda, chifukwa akhoza kuligonera osadziwa.

Chenjezo lomaliza: munthu amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, ndipo m'mawa amanjenjemera mpaka atamwanso, asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Akhoza kukomoka, kugwa ngati wakhunyu kapena kusokonezeka mutu. Ameneyo ndi wodwala, mupite naye kuchipatala akathandizidwe kusiya bwinobwino.

Chiwindi cha woyendetsa ndege ku Germany ndi cha mnyamata wa kabaza pa Jenda n'chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti uyo ali ndi lamulo lomuteteza ndi anthu omuyang'anira m'mawa uliwonse, pamene wathuyu ali ndi ife a pabanja pake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tisadikire kuti tiphunzire pa maliro.

Uthengawu muwawerengere ena kunyumba, kutchalitchi, kumzikiti ndi kubanki m'khonde. Nanga kwanuko mumatani mukaona kuti woyendetsa wagona ku mowa? Tiuzeni, tiphunzitsane.